Kamera Sinafe, Amayi

Lachinayi, 21 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata iyi ikupezani muli bwino, mawondo aja aleka kukuvutani m'mawa, ndipo achemwali akukusamalani monga amachitira nthawi zonse. Kuno tilipo ndithu. Akazi anga, apongozi anuwo, ali bwino, ndipo adzukulu anu awiri akupita kusukulu. Wamkuluyo watsala pang'ono kundipeza msinkhu, ndinamuyeza ndi dzanja dzulo, mutu wake wafika pachibwano panga.

Pempho langa loyamba ndi ili: tengani magalasi anu a chingwe aja, mukhale pansi, muwerenge nokha. Ndakulitsa zilembo dala kuti musavutike. Musapatse achemwali kuti akuwerengereni, chifukwa ndimawadziwa, akafika pamene sipakuwasangalatsa amalumpha n'kunena kuti palibe chanzeru chalembedwa apa. Mukamaliza mukhoza kuwapatsa.

Kamera ya foni yanga sinafe, Amayi. Miyezi khumi ndi inayi mwakhala mukundiuza kuti ndikakonzetse kuti tizionana tikamayankhulana, mpaka tsiku lina munati ulesi wanga ndi wa amalume. Ine ndinkangoseka. Makhadi a tsiku lanu lobadwa ankalemba apongozi anu, ine n'kunama kuti dzanja latupa. Tchuthi ndinkati andikaniza kuntchito. Zonsezo linali bodza, ndipo ndikuchita nalo manyazi. Chinafa ndi maso anga. Poyamba ndinkagunda zitseko ndi phewa, kenako ndinkaona ngati ndikusuzumira m'paipi, kenako paipiyo inatsekeka. Adokotala anati ndi nthenda yomwe ija ya abambo, yopha mitsempha ya m'maso, ndipo tinachedwa nayo. Tsopano ndimangosiyanitsa kuti uku kuli zenera, uku kuli khoma.

Ikani kaye kalatayi pamwendo, mupume. Mukatha pitirizani, chifukwa nkhani yomwe ndikufuna kukuuzani ndi yokoma, ndipo ndikulemba ndekha ndi zala zangazi, popanda munthu wondiyang'anira paphewa.

Ndinakubisirani chifukwa cha mpando wa pakhonde uja. Abambo, munthu amene ankakhoma madenga a nyumba za anthu, anakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi manja ali pa mawondo, inu mukuwauza kuti mbale ili kumanja, madzi ali kumanzere. Ndinkakumvani mukulira kuseri kwa nyumba mukuyesa kuti palibe akumva. Paja munanditcha Makutu chifukwa palibe chomwe chinkanong'onedwa m'nyumba muja ine osachimva. Ndiye ndinalumbira mumtima kuti sindikuuzani kuti mpando uja wapeza mwini wina. Ndidzakuuzani pokhapokha nditabwerera pantchito yanga. Apongozi anu sanagwirizane nazo. Anapirira chaka chathunthu, kenako mwezi watha anandiuza akutsuka mbale kuti, "Mwezi wa mawa ukatha musanawauze, ndiwauza ine. Ndatopa kunamiza munthu wamkulu."

Ntchito yanga mukuidziwa, ndakhala ndikutaipa kwa a loya aja timawatcha Achikulire kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Iwo amayankhula m'kachipangizo kojambula mawu akuyendayenda muofesi, ine ndimavala mahedifoni n'kumalemba zomwe anena. Pansi pa tebulo pali chopondera, chonga cha makina anu osokera aja: ndikaponda pakati mawu amayenda, kumanzere amabwerera m'mbuyo, kumanja amathamangira kutsogolo. Motero manja sachoka pa mabatani. Ndikamaliza ndimasindikiza pa pulinta yakale ya singano, imene imabaya mapepala atatu nthawi imodzi. Mafomu athu ambiri ndi a mapepala atatu omatana, ndipo mapulinta amakono sangathe, amangopaka inki pamwamba pokha. Pantchito yonseyi maso ankangondithandiza kuona pamene ndalakwitsa.

Achikulire anandisungira mpando chaka chonse, Mulungu awadalitse, pamene ine ndinali kusukulu ya osaona kuphunzira kuyenda ndi ndodo ndi kugwiritsa ntchito kompyuta yoyankhula. Inde Amayi, ilipo. Ukadina batani imatchula chilembo, ukamaliza imakuwerengera zonse. Koma muofesi muli loya wachiwiri, mnzawo wa Achikulire, yemwe anali atatopa ndi otaipa aganyu. Ndiye Achikulire anabwera kunyumba kuno atanyamula laputopu yatsopano, nati, "Mwana wanga, Lolemba la pa 18 ubwere utionetse kuti ungathe. Ulembe, usindikize, wekha. Ukalephera sindidzathanso kumuletsa mnzangayu kulemba munthu wina." Anandibwereka chopondera ndi pulinta kuti ndikayeserere. Panali patatsala milungu iwiri.

Ine ndinkayesa kuti ndi nkhani yongolumikiza mawaya. Ha! Ndikufotokozereni m'njira yoti mumve. M'kati mwa kompyuta iliyonse muli chinthu chotchedwa sisitimu. Ameneyo ndiye mwini nyumba. Ndiye amanena kuti mlendo uyu ndikumudziwa alowe, uyu sindikumudziwa aime panja. Masisitimu alipo angapo, ndipo munthu umasankha woti akhale m'kompyuta mwako. Ine ndinkafuna mwini nyumba wovomera alendo anga atatu: mawu ondiwerengera, chopondera, ndi pulinta. Akasowa mmodzi yekha, ntchito palibe.

Apongozi anu ananditengera kwa mayi wina wokonza makompyuta, yemwe aliyense mumsewu umenewo amamutcha Mayi Waya. Kashopu kawo n'kopanikizika, kali pakati pa ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo. M'katimo mumanunkha fumbi lotentha, muli wailesi yosazima ndi fani yothyoka phiko limodzi yomwe imalira kwetekwete tsiku lonse. Mayiwo amayamwa switi nthawi zonse ndipo amakalipira makompyuta ngati ana. Atagwira pulinta yathu anaseka mpaka kutsokomola.

"Bambo Mlembi, agogo awa mwawafukula kuti? Kampani yomwe inawapanga inatseka ine ndili kusukulu."

"Agogowo ndi amene amandidyetsa, Mayi," ndinatero. "Muwalemekeze."

Tinayamba ndi sisitimu yomwe inabwera ndi laputopuyo. Kuyankhula inkayankhula bwino zedi, mawu osalala ngati owerenga nkhani pawailesi. Ndinasangalala. Koma titalumikiza pulinta, zii. Mayi Waya anati pamafunika kapulogalamu komasulira pakati pa sisitimu ndi chipangizo chilichonse, amakatcha dalaivala, ndipo ka pulinta yathuyi palibe anakalembera sisitimu yatsopanoyi. Chopondera nacho chili ndi pulagi yakale ya mano asanu ndi anayi, yomwe laputopu ilibe polowetsa pake. Anapeza kawaya kolumikizira, sisitimu inakaona kawayako koma chopondera chenichenicho osachiona. Tinalimbana nazo masiku atatu. Tsiku lachitatu pulinta inadzuka n'kusindikiza masamba anayi, koma apongozi anu atayang'ana anati ndi timitanda ndi timitima tokhatokha.

Apa ndiye ndiulule kupusa kwanga. Ndinaumirira kuti aikemo sisitimu yakale, yomwe ndinagwiritsa ntchito zaka zonse zija muofesi. Ndinkaidziwa ngati njira ya kubafa kwanga. Mayi Waya anakana.

"Imeneyo anasiya kuiteteza kalekale. Zinsinsi za anthu a milandu muziika m'nyumba yopanda chitseko? Komanso laputopu iyi yabadwa iyo itakalamba kale, sizidziwana."

"Mayi, ine ndi amene ndikagwire ntchitoyo. Ikani yomwe ndikuidziwa."

"Chabwino. Walira mvula walira matope."

Anaika, ndipo zinawatengera masiku awiri kuti ingovomera kulowa. Pulinta inasindikiza bwinobwino, chopondera chinayankha, ine n'kuyamba kudzitama kuti mwaona, akulu samanama. Kenako ndinati, tsopano iyankhule. Sinayankhule. Sisitimu yakaleyo sinkadziwa kachipangizo ka mawu ka m'laputopu yatsopano, ndipo panalibe dalaivala wake pena paliponse. Amayi, kwa munthu woona, kompyuta yosayankhula ndi kompyuta ndithu. Kwa ine ndi thabwa. Tinatayanso masiku ena awiri tikufufuza chinthu chomwe Mayi Waya anali atandiuza kale kuti kulibe. Madzulo ake ndinakalipira apongozi anu chifukwa choti anasuntha kapu yanga patebulo, iwo osalakwa kanthu. Ndinapepesa, koma ndikufuna mudziwe kuti mwana wanu sanali munthu wabwino sabata imeneyo.

Panatsala sisitimu yachitatu, yomwe Mayi Waya ankaitchula kuyambira tsiku loyamba ine n'kumakana. Ndi yaulere, amailemba anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Ine ndinkati chaulere chimakhala ndi mbedza m'kati, paja ndi inu munatiphunzitsa. Komanso mabatani ake oyendetsera mawu ndi osiyana ndi omwe ndinazolowera, ndiye kuti kuphunziranso.

"Tamverani, Bambo Mlembi," anatero Mayi Waya akugubuduza switi m'kamwa. "Anthu amenewa sataya zakale. Penapake pali munthu wouma mutu ngati inuyo yemwe ali ndi agogo ngati awa, ndipo anawalembera dalaivala. Koma sindikulonjeza kuti zonse zitatu zivomera. Mukasankha iyi, nthawi yobwerera m'mbuyo palibe."

Linali Lachisanu masana. Ndinafunsa apongozi anu kuti akuganiza bwanji, iwo anati, "Mwamvera mutu wanu sabata yonse. Yesaniko kumvera mayiwa." Ndinavomera.

Loweruka m'mawa tinapita kukamva zotsatira. Mayi Waya anali atalumikiza laputopu ku sikirini yawo yaikulu ya patebulo, chifukwa amati tizilembo ta pa laputopu timawapweteka maso. Anatilandira mosangalala. Pulinta inali itavomera yokha, osaipempha n'komwe. Anasindikiza fomu ya mapepala atatu, apongozi anu n'kuwerenga lachitatulo, zilembo zonse zikuoneka. Chopondera nacho chinapezeka, ngakhale sisitimuyo inkachiyesa choseweretsa magemu a ana, ndipo Mayi Waya anati zimenezo n'zokonzeka. Kenako anayatsa pulogalamu ya mawu, n'kundiika manja pa mabatani.

Ndinadina. Zii. Ndinadinanso. Zii.

Anakweza mawu mpaka pamapeto, anazimitsa n'kuyatsanso, anailowetsa mahedifoni, anaitukwana. Chomwe chinkawazunguza mutu n'choti pa sikirini pankaoneka kamzere kakuvina, kusonyeza kuti makinawo akuyankhula, koma m'laputopu simunkatuluka kanthu. Maola awiri anatha. Kenako ndinamva akukhala pansi, mpando n'kulira.

"Bambo Mlembi, ndikuganiza kuti iyinso sikudziwa kachipangizo ka mawu. Pali kachipangizo kena kolumikiza ndi waya komwe tikanayesa, koma ndaimbira onse omwe ndimawadziwa, kafika Lachitatu. Pepani. Mwina mukawapemphe abwana anu akuwonjezereni masiku."

Ndinkadziwa kuti masiku owonjezera kulibe. Apongozi anu anandigwira phewa. Ndinali nditakhala pa benchi ya m'shopumo, ndipo patapita kanthawi ndinazindikira mmene ndinakhalira: msana wowongoka, manja onse awiri pa mawondo. Ndinachita mantha, Amayi, mantha enieni. Ndinaganiza za kalata ina yomwe mukanalandira m'malo mwa ino, yolembedwa ndi apongozi anu.

Ndili chikhalire choncho ndinamva kanthu. Mayi Waya anali akungodinadina mabatani mosowa chochita, ndipo akadina, pansi pa phokoso la fani pankamveka kaphokoso kakang'ono ngati ka udzudzu. Koma udzudzu supuma pakati pa mawu. Kameneka kankalira, kupuma, kulira.

"Mayi, tazimitsani fani."

"Kutenthaku?"

"Tazimitsani. Ndi wailesi yomwe."

Anazimitsa. Ndinapempha apongozi anu kuti akawapemphe owotcherera zitsulo aja aime mphindi ziwiri zokha. Ndinawamva akukangana nawo panja, kenako makina awo anatonthola. M'kashopu muja munati zii koyamba chiyambire kulowamo.

"Dinaninso."

Anadina. Ndinaimirira, ndinayendetsa dzanja patebulo, kudutsa laputopu, kudutsa mulu wa zomangira ndi mapepala a switi, mpaka ndinagwira sikirini yawo yaikulu ija. Ndinaizungulira ndi zala mpaka kumbuyo, kumene ndinapeza timabowo tating'onoting'ono. Ndinaikapo khutu. Munali munthu akunong'ona, akutchula chilembo chilichonse chomwe Mayi Waya ankadina.

"Ikuyankhula, Mayi. Yakhala ikuyankhula m'mawa wonse. Ikuyankhulira muno."

"Sikirini imeneyo ilibe sipika."

"Bwerani muike khutu."

Anabwera. Anaikapo khutu, kenako anati, "Mayo ine." Sikiriniyo anaigula yakale zaka zinayi zapitazo, ndipo sankadziwa kuti ili ndi tisipika kumbuyo, totsitsidwa mawu mpaka pansi. Sisitimu yatsopanoyo itaona waya wa sikirini inaganiza kuti mawu onse azipita kumeneko. Anazula wayawo. Nthawi yomweyo laputopu inayankhula mokweza mpaka apongozi anu anadzidzimuka pakhomo. Mukudziwa mawu ake oyamba? Inati batire latsala pang'ono kutha. Tonse atatu tinayamba kusakasaka chaja, ine amene sindiona ndili patsogolo.

Tinaseka mpaka misozi, ndipo ya ineyo sinali ya kuseka kokha. Mayi Waya anati, "Zaka makumi awiri pantchito ino, ndimamvetsera ndi maso. Musakauze anthu mumsewu muno." Ndinati ukaipa dziwa nyimbo, Mayi, ine maso ndilibe koma amayi anga sananditche Makutu pachabe. Ndiye ndauza inu nokha, ndipo muli kutali, sindinaphwanye pangano.

Chopondera anachikonza masana omwewo, koma mothamanga anasemphanitsa: kumanzere kunkapita kutsogolo, kumanja kubwerera m'mbuyo. Tinazindikira titafika kale kunyumba, shopu atatseka. Apongozi anu anati tiwaimbire. Ndinati ayi, chinthu chikuyenda musachigwirenso, phazi ndi langa liphunzira. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinakhala pabalaza mpaka dzuwa kupendeka, ana akundiwerengera nkhani za m'mabuku awo m'kachipangizo kojambula mawu, ine ndikulemba, phazi likusochera n'kubwerera. Mawu a sisitimu imeneyi si osalala ngati a yoyamba ija, ndi okhakhala ngati munthu wa chimfine, ndipo chiyankhulo chathu amachiwerenga ngati mlendo wongotsika m'basi. Ana ankagubuduka ndi kuseka. Ine ndawazolowera, ndipo ndayamba kuwakonda.

Lolemba apongozi anu anandiperekeza mpaka pachipata n'kupereka katundu kwa alonda, ine ndinawauza kuti abwerere. Masitepe a ofesi yathu ndi makumi awiri ndi awiri, zaka zonsezi sindinkadziwa. Mpando wanga wina anali atautsitsa, ndinaukweza. Ndinalumikiza ndekha mawaya onse, poti ndinali nditawamanga timfundo ta ulusi kuti ndiziwasiyanitsa: mfundo imodzi pulinta, ziwiri chopondera. Achikulire anandipatsa zomwe anajambula m'mawa womwewo, chikalata cha lumbiro cha masamba atatu ndi fomu imodzi. Loya wachiwiri uja anaima pakhomo. Sanandipatse moni wautali, koma ndinkamva nsapato zake ndi cholembera chomwe amachidinadina akamaganiza.

Mzere woyamba womwe, phazi linaiwala. Ndinaponda kumanzere kuti ndibwerere, mawu a Achikulire n'kuthamangira kutsogolo ngati tepi yolusa. Cholembera chija chinasiya kulira. Ndinachotsa phazi, ndinapuma, ndinaliuza mumtima kuti iwe, tinagwirizana dzulo. Ndinapondanso, kumanja. Mawu anabwerera.

Kuchokera pamenepo, Amayi, sindingakufotokozereni bwino. Khutu limodzi Achikulire, khutu lina makina akundibwezera zomwe ndalemba, zala zikuyenda zokha mmene zinkayendera kale. Ndinaiwala kuti pakhomo pali munthu. Ndinaiwala ngakhale kuti sindiona, chifukwa pantchito imeneyi ndinkatsinzina kale nthawi zambiri. Nditamaliza ndinauza makina kuti andiwerengere zonse, ndinakonza mawu anayi, ndinalowetsa fomu m'pulinta.

Itangoyamba kusindikiza ndinaiimitsa. Inkalira mopendekera. Agogo amenewa ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndimadziwa akameza pepala mokhota. Ndinapapasa, ndinapeza kuti mbali imodzi mabowo a pepala sanalowe m'mano ake, ndinakonza, ndinayambiranso. Inalira kulira kwake kwa masiku onse, kuja Achikulire amati kumawalepheretsa kumva foni.

Loya wachiwiri anatenga mapepalawo. Anawerenga nthawi yaitali, ndikumva tsamba lililonse likutembenuzidwa. Kenako anati, "Pali cholakwika chimodzi. Tsiku la pa tsamba lachiwiri silikugwirizana ndi la pa tsamba loyamba."

"Taonani kapepala komaliza, bwana," ndinatero. "Ndalemba mmene ananenera, koma ndaika chidziwitso kuti afunsidwe. Poyamba anati pa 6, kenako anati pa 16."

Anatembenuza. Achikulire anakhosomola nati, "Ndi pa 6. Ndalakwitsa ndine." Kenako loya wachiwiriyo anaika mapepala patebulo langa, pafupi ndi dzanja langa kuti ndiwakhudze, nati, "Aganyu aja akanangolemba osafunsa. Mawa nthawi yake ija, ndili ndi makalata asanu ndi awiri akudikira." Achikulire anapita kuzenera kukamina, akudandaula za fumbi la m'mafayilo.

Ndinatsika masitepe aja ngati mnyamata. Apongozi anu sanabwerere kunyumba monga ndinawauzira, anali atakhala pa benchi ya alonda maola atatu. Sanandifunse kanthu, akuti nkhope inanena yokha. Lero ndi tsiku langa lachitatu pantchito, ndipo kalata ino ndikuilemba pa nthawi yopuma masana, pa tebulo langa, Achikulire atandiloleza.

Lachiwiri tinadutsira kwa Mayi Waya kukathokoza ndi kuti akonze chopondera, koma phazi linali litazolowera kale, ndiye tachisiya chosemphana chomwecho. Tikutsanzika anati, "Ndikanaiwala, kamera ya laputopuyi nayo inavomera yokha. Ikuonetsa bwino kwabasi, mukhoza kuimbira aliyense." Apongozi anu anaseka kuseka komwe sindinakumve chaka chonse, nati, "Basi, bodza latha ntchito." Masisitimu atatu, Amayi, ndipo chinthu chokhacho chomwe sichinavutepo ngakhale kamodzi ndi chomwe ndinkachinamizira.

Tsopano zopempha zanga. Choyamba, achemwali ndi ana awo apite kuchipatala akayezetse maso mwezi uno, ngakhale akuona bwino. Adokotala akuti nthendayi imayenda m'magazi ndipo imabwera mwakachetechete, koma akaipeza msanga pali mankhwala odontheza oiimitsa. Adzukulu anu kuno ayezedwa kale, ali bwino. Achemwali akayamba zoti alibe nthawi, muwakalipire mmene mumandikalipira ine. Chachiwiri, musakwere basi. Ndikukudziwani, pofika pano mwayamba kale kuganiza za chikwama. Ulendo ndi wautali ndipo mawondo anu sangalole. Tibwera ife tonse ana akatsekera sukulu, tchuthi andipatsa, ndipo nthawi ino n'zoona. Chachitatu, musawakwiyire apongozi anu. Ankakana bodzali tsiku lililonse, ndipo ndi iwo anandinyamula pamene ndinali wolemera kunyamula. Mkwiyo wonse musungire ine, ndiulandira.

Lamulungu likubwerali kalatayi idzakhala isanafike, ndiye ndidzaimba Lamulungu linalo, 3 koloko masana, pa foni ya achemwali. Kamera idzakhala yoyatsa. Mudzandiona ndanenepa pang'ono, ndipo imvi zayamba, akutero ana. Maso anga akadzaloza pambali, mudzangondiuza kuti kumanja pang'ono, monga munkawauzira abambo. Musadzaope kunena mawu amenewo. Manja anga sadzakhala pa mawondo, ndidzakhala ndikuyendetsa makina ndekha.

Inuyo mudzandiuze zomwe mwavala. Chithunzi chanu chomaliza chomwe ndili nacho m'mutu ndi cha tsiku lija tinakuperekezani kokwerera basi, mutavala duku la buluu, mukundikalipira pazenera kuti ndaonda. Ndimachiyang'ana tsiku lililonse ndipo sichinafufute. Ngati mwasintha, mudzandifotokozere pang'onopang'ono kuti ndichikonze.

Mupereke moni kwa achemwali ndi alamu, ndi ana onse mmodzimmodzi. Apongozi anu akupereka moni, akuti akugwada. Adzukulu anu akuti agogo asalire kwambiri. Ine sindikukuletsani, lirani pang'ono, kenako mudye.

Mukapeza zolakwika m'kalatayi ndi zanga, palibe wina waiwerenga. Dzina lili m'munsimu ndalemba ndi cholembera, ndi dzanja lomwe lija silinatupepo. Ngati lakwera phiri, mundikhululukire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
mzime wanu,

Makutu